Ryzen 9 9950X, Core Ultra 9 285K ndi Threadripper: kodi ndalama zake zimabwerera kuno ku Mangochi?

Amene amajambula mavidiyo a ukwati, chinkhoswe ndi ndowa kuno, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay ndi ku Namwera, vuto lake akulidziwa. Makamera a masiku ano akujambula 4K, eni mwambo akufuna vidiyo yawo sabata isanathe, koma kompyuta yogulidwa zaka zisanu zapitazo ikuchezera usiku wonse kuti itulutse fayilo imodzi. Magetsi akathima pakati pa usiku, m'mawa n'kuyambiranso. Zikatero maso amathamangira ku mapurosesa atsopano apamwamba amene akutchuka pa intaneti, poti purosesa ndiye ubongo wa kompyuta. Maganizo athu ndi akuti mapurosesa amenewa ndi amphamvu ndithu, koma mtengo wolembedwa pa bokosi kawirikawiri sufika ndi theka lomwe la ndalama zimene mutulutse kuti purosesayo igwire ntchito bwino m'chipinda cha ku Mangochi. Ndipo si ntchito iliyonse imene ingabweze ndalamazo.

Tiyambe ndi katunduyo. AMD inatulutsa Ryzen 9 9950X mu Ogasiti 2024 pa mtengo wa madola 649. Ili ndi ma core 16, tizigawo timene timagawana ntchito mkati mwa purosesa, ndi ma thread 32, chifukwa core iliyonse imatenga ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mng'ono wake, 9900X, ali ndi ma core 12 ndipo anatuluka pa madola 499. Mu Malichi 2025 kunabwera 9950X3D ya madola 699, yomwe inawonjezeredwa cache, memory yothamanga ya mkati mwa purosesa, kufika 128MB. Intel nayo inatulutsa Core Ultra 9 285K mu Okutobala 2024 pa madola 589, ya ma core 24, asanu ndi atatu amphamvu ndi 16 osadya magetsi kwambiri. Pamwamba pa zonsezi pali Threadripper 9000 ya mu Julayi 2025: 9960X ya ma core 24 pa madola 1,499, 9970X ya ma core 32 pa madola 2,499, ndi 9980X ya ma core 64 pa madola 4,999. Imeneyi ndi mitengo ya ku America tsiku lotulutsira, opanda msonkho kapena mtengo wonyamulira.

Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ya kubanki inafika cha m'ma K1,700. Pa mtengo umenewo 9950X yokha ikupitirira K1.1 miliyoni. Koma aliyense wogula katundu kunja akudziwa kuti dola ya kubanki sipezeka mwachisawawa, ndipo wogulitsa wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe amaika mtengo potengera mmene iyeyo anaipezera dolayo. Onjezani kunyamula kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, msonkho wa MRA, ndi phindu la wogulitsa. Choncho musawerengere bajeti pa mtengo umene mwauona pa webusaiti yakunja. Pemphani mtengo wolembedwa wa katundu yense atafika m'manja mwanu.

Chimene ambiri samachiganizira ndi chakuti purosesa yatsopano sibwera yokha. Ryzen 9000 (gulu la 9950X) imalowa pa soketi ya AM5, Core Ultra 200S (gulu la 285K) pa LGA1851, ndipo zonse ziwiri zimangolandira RAM ya DDR5. Ngati kompyuta yanu ndi ya AM4 kapena ya Intel yakale, motherboard ndi RAM yanu ya DDR4 zitsala. Mwagula zinthu zitatu nthawi imodzi. Pa RAM pakupweteka kwambiri masiku ano, chifukwa kuyambira chakumapeto kwa 2025 mitengo ya DDR5 inakwera zedi pamene makampani opanga ma chip anatembenukira ku makompyuta akuluakulu a AI. Wokonza mavidiyo a 4K amafunika 64GB kuti asamavutike, ndipo 32GB ndiye pochepetsetsa. Gulani timitengo tiwiri ta 32GB, osati tinayi ta 16GB. Mukadzaza mipata yonse inayi, purosesa imalephera kuyendetsa RAM pa liwiro lake lonse ndipo imaitsitsa, nthawi zina kompyuta n'kumangozima yokha. Pa Ryzen, DDR5-6000 ya CL30 ndi imene imayenda bwino, ndipo muyenera kuyatsa EXPO mu BIOS, pulogalamu ya mu motherboard yoyatsira kompyuta, apo ayi RAM yodula ija iziyenda pa liwiro lotsika. Pa Intel dzina lake ndi XMP.

Pa motherboard musawononge ndalama. X870E ndi yabwino, koma B650 kapena B850 yokhala ndi zitsulo zoziziritsa zazikulu pa VRM, mbali yopereka magetsi ku purosesa, imanyamula 9950X popanda vuto. Chofunika kuyang'ana ndi batani la BIOS Flashback kumbuyo. Mabodi ambiri a B650 ndi X670 amene akhalitsa m'mashopu ali ndi BIOS yakale yosazindikira Ryzen 9000, ndipo batani limeneli limakulolani kuika BIOS yatsopano kuchokera pa flash popanda kubwereka purosesa ina. Kuno kumene wobwereka purosesa ya AM5 ndi wosowa, batani limenelo likhoza kukupulumutsani ulendo wa ku Blantyre. Apa AMD ili ndi mwayi wina: inalonjeza kuti AM5 ipitirira mpaka 2027 kapena kupitirirapo, kutanthauza kuti bodi imene mwagula lero idzalandira purosesa ina mtsogolo.

Tsopano nkhani ya kutentha, imene olemba ndemanga a ku Ulaya ndi ku America saiona ngati nkhani chifukwa amayesera m'zipinda za madigiri 21 kapena 22. Cooler siziziritsa purosesa kuposa mpweya wa m'chipinda. Ntchito yake ndi kuchotsa kutentha n'kukutaya mu mpweya womwewo. Mu Okutobala ndi Novembala kuno, chipinda cha malata chopanda siling'i chimafika madigiri 35 kapena kuposa masana. Purosesa imene kwa anzathuwo ikuonetsa madigiri 82, kwa inu ionetsa 95. Ndipo 95 ndiye malire a Ryzen 9000: ikafika pamenepo siipsa ayi, imangodzichepetsera liwiro yokha. Ndiye kuti liwiro limene munalipira madola 649 simukulipeza nthawi imene ntchito ya maukwati yachuluka. Pa bokosi la 9950X analembapo 170W, koma ikamagwira ntchito ndi ma core onse imaloledwa kukoka pafupifupi 200W. Core Ultra 9 285K analemba 125W koma imafika 250W. Threadripper ndi 350W.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo kuposa mmene anthu amaganizira. Mu BIOS ya AM5 muli Eco Mode. Mukasankha 105W, purosesa siipitirira 142W. Liwiro limatsika pang'ono pa ntchito ya ma core onse, pa ntchito zing'onozing'ono simuona n'komwe kusiyana, koma kutentha kumatsika kwambiri ndipo mafani amasiya kulira. Kwa ife, 9950X ya ku Mangochi iyenera kukhala pa 105W kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika. Pa Intel mungachite chimodzimodzi potsitsa PL1 ndi PL2, malire a magetsi amene purosesa imaloledwa kukoka.

Pa cooler timakonda ya mpweya ya nsanja ziwiri, monga Noctua NH-D15 kapena Thermalright Peerless Assassin 120 yomwe ndi yotsika mtengo kwambiri. Ya madzi ya 360mm imaziziritsa kuposa, koma ili ndi pampu, ndipo pampu ikafa kompyuta yaima mpaka ina ibwere kuchokera kutali. Cooler ya mpweya chimene chingafe ndi fani ya 120mm kapena 140mm, imene mungaipeze mosavuta n'kuisintha ndi manja. Pomangirira, chotsani kapepala kapulasitiki kamene kamakhala pansi pa cooler yatsopano. N'kachinthu kochepa koma kamaiwalika kawirikawiri, ndipo kompyuta imafika madigiri 95 musanatsegule pulogalamu iliyonse. Thermal paste ikhale yochuluka ngati njere ya nandolo pakati, ndipo zomangira zimangidwe mopingasa, pang'onopang'ono mbali iyi kenako inayo.

Fumbi la nthawi ya mwera limatseka timipata ta cooler ngati bulangete. Kesi ikhale pa tebulo, osati pansi pa simenti, ikhale ndi sefa kutsogolo, ndipo mafani olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa kuti fumbi lisamalowere m'ming'alu. Mwezi uliwonse m'chilimwe tsukani sefa, ndipo popemerera ndi blower gwirani fani ndi chala kuti isazungulire. Amene ali m'mbali mwa nyanja kapena mwa Shire asamale ndi chinyezi, chifukwa fumbi likanyowa limamatirira pa bodi. Mphemvu, nyerere ndi abuluzi zimakonda kufunda kwa mu power supply, ndipo buluzi mmodzi akhoza kuotcha chipangizo chonse.

Magetsi ndiye mbali imene imadya ndalama mwakachetechete. Kompyuta ya 9950X yokhala ndi graphics card ya 200W, ma SSD, mafani ndi sikirini imakoka pafupifupi 500W mpaka 550W ikamatulutsa vidiyo. Maola asanu ndi atatu otere ndi mayunitsi anayi kapena kuposerapo. Mayunitsiwo si vuto lalikulu. Vuto ndi kuthimathima. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinakhalira namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Munthu woika mamiliyoni pa kompyuta ayenera kuwerengera UPS, chipangizo cha batire chogwirizira kompyuta magetsi akathima, ngati mbali ya kompyutayo.

UPS yake si iliyonse. Zija zazing'ono za 650VA za mu ofesi zimanyamula pafupifupi 360W, ndipo magetsi akathima pamene mukutulutsa vidiyo zimangolira kamodzi n'kuzima limodzi ndi kompyuta. Mufunika ya 1500VA, yomwe imanyamula cha m'ma 900W, ndipo ikhale ya pure sine wave, yotulutsa magetsi ofanana ndi a pa khoma, chifukwa ma power supply ena amakono amakana magetsi a UPS zotchipa n'kuzima nthawi yosinthira ku batire. Dziwaninso kuti UPS imeneyi ili ndi mabatire awiri a 12V 9Ah basi. Ikupatsani mphindi zochepa zosungira ntchito ndi kuzimitsa bwino, osati zomalizira vidiyo. Wofuna kugwirabe ntchito magetsi kulibe awerengere chonchi: batire ya 12V 100Ah ili ndi 1,200Wh, koma ya lead acid mumangogwiritsa theka kuti isafe msanga, ndiye 600Wh, kutanthauza ola limodzi pa 500W. Apa Eco Mode ikubwezaninso kenakake, chifukwa magetsi amene mwawachotsa pa purosesa ndi mphindi zowonjezera pa batire. Mabatire a lead acid amafa msanga m'malo otentha ngati kuno, choncho amene angakwanitse aganizire za LiFePO4. Jenereta yaing'ono yopanda AVR, chipangizo chokhazikitsa voteji, musailumikize mwachindunji ku kompyuta yotere.

Mphezi za Disembala mpaka Malichi sizilowera pa waya wamagetsi pokha. Zimalowanso pa waya wa Ethernet wochokera ku rauta kapena ku chipangizo cha padenga. Soketi za m'nyumba zambiri zobwereka zilibe earth yeniyeni, ndipo surge protector yopanda earth ilibe kotayira mphamvu ya mphezi. Itanani wamagetsi ayeze musanalumikize. Kukamagunda, zulani mawaya onse awiri.

Power supply ikhale ya 850W ya kampani yodziwika, yokhala ndi mawaya awiri a EPS 8-pin a purosesa. Mawaya a power supply ina, ngakhale akulowa bwinobwino, musawasakanize, chifukwa kalumikizidwe ka mkati kamasiyana ndipo ma SSD amapsa nthawi yomweyo.

Nanga phindu lake lili pati? Apa m'pofunika kuyang'ana pulogalamu imene mumadyera. Ma core 16 amaoneka ntchito yake pa Blender, pa HandBrake, pa kutulutsa vidiyo ndi purosesa, ndi pa kutsegula mapulogalamu olemera angapo nthawi imodzi. Koma Photoshop, CorelDRAW ndi AutoCAD ntchito zawo zambiri zimadalira liwiro la core imodzi kapena ochepa. Wa shopu yosindikiza makadi a ukwati ndi mabanala sadzaona kusiyana pakati pa 9950X ndi Ryzen 7 9700X ya madola 359, yomwe ili ndi ma core asanu ndi atatu ndipo imadya 65W pa pepala. Wa studio yanyimbo wa FL Studio nayenso 9700X kapena 9900X imukwanira, ndipo adzasangalala kuti mafani sakumveka mu maikolofoni. DaVinci Resolve imadalira kwambiri graphics card, moti munthu amene ali ndi khadi yofooka akagula purosesa ya ma core 16 amakhala wamanga denga pa nyumba yopanda maziko. Ndalama imeneyo ikanapita ku khadi.

Kwa okonza mavidiyo, Intel ili ndi chida chimene sitingachinyoze. Quick Sync, mbali ya graphics ya mkati yowerenga mavidiyo, ya mu 285K, ngakhalenso mu Core Ultra 7 265K ya madola 394, imawerenga mafayilo a HEVC 10-bit 4:2:2 amene makamera ambiri a Sony, Canon ndi Panasonic amajambula. Mafayilo amenewa ndi amene amachititsa kuti vidiyo izidumphadumpha pa timeline ya Premiere Pro. Makhadi a NVIDIA anayamba kuwawerenga pa RTX 50. Choncho ngati kamera yanu ndi yotere ndipo khadi yanu ndi yakale, 265K ndi imene timaiona kuti ikubweza ndalama bwino kuposa onse. Ingosamalani kuti musagule ya chilembo F kumapeto, monga 265KF, chifukwa imeneyo ilibe graphics ya mkati, ndiye Quick Sync palibe. Pa masewera 285K inakhumudwitsa itangotuluka, moti m'masewera ena inkatsalira kumbuyo kwa i9-14900K yakale, yomwe 285K inabwera kudzailowa m'malo. Wamasewera apite ku Ryzen 7 9800X3D ya madola 479.

Amene ali kale ndi Ryzen 7000, monga 7950X, akhale phee. AMD inanena kuti Zen 5, kapangidwe ka mu Ryzen 9000, ikuposa Zen 4 ya mu Ryzen 7000 ndi 16 peresenti pa liwiro lofanana, koma pa ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku kusiyanako n'kochepa, kosayenera miliyoni.

Threadripper tiinene mwachidule. Imafuna bodi ya TRX50, RAM ya mtundu wa RDIMM timitengo tinayi, ndi cooler yakeyake yophimba purosesa yonse. Chilichonse mwa izi n'chodula ndipo chikawonongeka simuchipeza pafupi. Imayenera kampani imene ikutulutsa zithunzi za 3D tsiku lonse kapena yofuna makhadi angapo mu kompyuta imodzi. Kwa wojambula maukwati kapena mavidiyo otsatsa malo ogona alendo ku Cape Maclear, ndalama ya 9970X yokha ingagule kompyuta yonse yabwino ndi sola yoiyendetsa.

Pali njira ina imene ogulitsa sakonda kuitchula. Ngati muli ndi bodi ya AM4, monga B450, B550 kapena X570, yokhala ndi Ryzen 5 2600 kapena 3600, mukhoza kungosintha purosesa yokha. Ryzen 9 5950X ya 2020 ili ndi ma core 16, 5900X ili ndi 12, ndipo RAM yanu ya DDR4 ikhala momwemo. Ikani BIOS yatsopano purosesa yakale isanachoke. Yatsani kompyuta kwa mphindi zingapo kuti paste ifewe, zimitsani, kenako potozani cooler uku ndi uku musanaikoke. Mukaikoka mowongoka ikadali yozizira, purosesa imazuka nayo limodzi ndipo timapini take timapindika. Onaninso ngati VRM ya bodiyo ili ndi zoziziritsa, chifukwa mabodi otchipa a A320 ndi B450 ena amatentha kwambiri ndi ma core 16. Njira imeneyi imathandizanso amene ali ndi Ryzen yakale kuposa 2000 ndipo akuthawa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025, chifukwa Windows 11 imalandira Ryzen kuyambira 2000 ndi Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu.

Pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, chenjerani ndi i9-13900K ndi i9-14900K. Intel inavomereza mu 2024 kuti mapurosesa a m'badwo wa 13 ndi 14 ankalandira voteji yochuluka imene inkawaononga pang'onopang'ono. Inatulutsa microcode 0x129 ndi 0x12B, zokonza zimene zimabwera ndi BIOS yatsopano, n'kuwonjezera zaka ziwiri pa waranti. Koma microcode imateteza purosesa yabwino, sichiritsa imene inaonongeka kale, ndipo waranti ya katundu wobwera m'chikwama kuchokera kunja wopanda risiti ndi yovuta kuitsatira. Zizindikiro zake ndi mapulogalamu kungotsekeka okha ndi sikirini ya buluu pa ntchito yolemera. Palinso akuba amene amamata chivindikiro cha purosesa yodula pa yotchipa. Musalipire musanaione ikuyaka. Tsegulani CPU-Z muone dzina ndi chiwerengero cha ma core, yendetsani Cinebench kwa mphindi 30 uku mukuyang'ana kutentha pa HWiNFO, ndipo RAM muiyese ndi MemTest86 usiku umodzi.

Tsiku lomanga, kumbukirani kuti pa AM5 timapini tili mu soketi ya bodi, tonse 1,718, ndipo n'topyapyala ngati tsitsi. Purosesa muigwire m'mbali, yang'anani kachizindikiro ka makona atatu, muitsitse mowongoka osaikwekwesa. Kachivindikiro kakuda ka soketi musakataye, ogulitsa amakafuna pobweza bodi. Poyatsa koyamba sikirini ikhoza kukhala yakuda kwa mphindi zingapo pamene bodi ikuyesa RAM ya DDR5. Musazimitse, dikirani. Poika BIOS yatsopano kompyuta ikhale pa UPS, chifukwa magetsi akathima pakati bodi imafa, pokhapokha ili ndi Flashback ija. Amene disiki yawo ili ndi BitLocker, loko ya Windows yotsekera mafayilo, alembe recovery key papepala asanasinthe purosesa kapena BIOS, apo ayi mavidiyo a makasitomala atsekeka. Laisensi ya Windows nayo imamangirika ku motherboard, choncho ilumikizeni ku akaunti ya Microsoft bodi yakale isanachoke.

Musanatulutse ndalama, tsegulani Task Manager pamene mukugwira ntchito yanu yeniyeni. Ngati CPU (purosesa) yakhala pa 100 peresenti nthawi yonse pamene GPU (graphics card) ikungokhala, purosesa ndi imene ikukuchedwetsani. Ngati RAM yadzaza, kapena disiki ndi imene ili pa 100 peresenti chifukwa mafayilo ali pa hard disk yozungulira, gulani RAM kapena NVMe SSD kaye. Kenako werengani maola amene mumataya podikira pa sabata, ndi ntchito zingati zimene munakana chifukwa cha kuchedwako. Wa studio imene ikutulutsa mavidiyo a 4K atatu kapena anayi pa sabata, timulangiza 9950X pa 105W kapena 265K, RAM ya 64GB, cooler ya mpweya ndi UPS ya 1500VA, zonse zigulidwe pamodzi. Wotulutsa vidiyo imodzi pa sabata agwiritse ntchito ma proxy, makope opepuka a vidiyo, pokonza, asinthe purosesa pa bodi yake ya AM4, ndipo ndalama yotsalayo aike pa batire ndi inveta.